Mng'alu Uoneka Khoma Lisanagwe

(Awa ndi mawu amene anakamba kapitawo wina wokalamba pa ntchito yomanga, pa msonkhano wa amisiri, aphunzitsi ndi a makomiti a sukulu ku Nsanama, m'boma la Machinga. Tawalemba muno kuti owerenga athu a ku Balaka ndi kwina amveko, ndipo tipempha odziwa kuwerenga kuti awerengereko anzawo.)

 

Munthu amene anachoka pa Nsanama pano zaka 20 zapitazo, atabwera lero angathe kusokera. M'mbali mwa msewu wochokera ku Liwonde kunka ku Ntaja mwadzaza masitolo, zigayo, mizikiti, matchalitchi ndi nyumba za malata, zambiri zomangidwa ndi ndalama za ana athu amene ali ku Joni. Ichi nchokondweretsa. Koma nyumba iliyonse imene muiona inamangidwa ndi munthu wa magazi, amene anakwera pamwamba, nalowa m'dzenje, napuma fumbi. Lero ndifuna tikambe za munthu ameneyo, kuti madzulo azibwerera kwa ana ake ali wamoyo ndi wamphumphu.

Makolo anati tsoka silinunkha. Pa zinthu zambiri mawuwa ngoona. Koma ine ndagwira ntchito yomanga zaka zoposa 30, ndipo ndikuuzani kuti pa ntchito yathuyi tsoka linunkha ndithu. Khoma lisanagwe liyamba lang'aluka. Thabwa lisanathyoke liyamba lalira. Dzenje lisanakwirire munthu liyamba lagwetsa timibulu ta dothi. Zizindikiro zilipo masiku onse. Chimene chisowa ndi munthu wophunzira kuziona, wolimba mtima kuzinena, ndiponso mkulu womvera zimene wauzidwa.

ZIMENE ZINAONEKA KU GEORGE

Ndiyambe ndi nkhani ya kutali, pakuti inakhudza Amalawi anzathu. Lolemba pa 6 May 2024, nthawi ya masana, nyumba yosanja kasanu imene inali kumangidwa mu mzinda wa George ku South Africa inagwa yonse pa kamphindi, antchito ali mkati. Anthu 34 anafa. Pakati pawo panali Amalawi, pamodzi ndi anzawo a ku Mozambique, a ku Zimbabwe ndi eni dziko. Ofukula anagwira ntchito usana ndi usiku masiku oposa 10, ndipo munthu mmodzi anatuluka wamoyo atakhala pansi pa zigumuka maola 118. Akuluakulu a mzindawo anachita kufunafuna anthu odziwa Chichewa kuti athe kulankhula ndi abale amene anali kulira kunja kwa mpanda.

Pali zinthu ziwiri zimene ndifuna muzisunge pa nkhani imeneyi. Choyamba ndi ichi: panapita masiku anthu osadziwa bwino kuti pa ntchitopo panali anthu angati. Poyamba anati 75, kenaka anati 81, ndipo pomaliza anapeza kuti anali 62. Taganizani mayi ali kuno ku Machinga, mwana wake sayankha lamya, ndipo palibe munthu angamuuze ngati mwanayo analowa ntchito tsikulo kapena ayi.

Chachiwiri ndi chimene ofufuza anapeza. Mu July 2025 Boma la South Africa linaulula kuti ngozi ija ikadatha kupewedwa. Ming'alu inali itaoneka kale, antchito anamva nyumba ikugwedezeka ndipo ananena, koma ming'aluyo inangomatidwa. Konkire inali yofooka kusiyana ndi imene mapulani analamula. Munthu woyang'anira za chitetezo anasiya ntchito pakati, koma kumanga kunapitirira. Tsono muone kuti tsoka lija linanunkha, ndipo ena analimva fungo lake. Panalibe woimitsa ntchito.

Wina anganene kuti, "Ife kuno sitimanga nyumba zosanja kasanu." Zoona. Koma khoma la kalasi likagwera ana, kapena chimbudzi chikakwirira wokumba, maliro ake ndi amodzimodzi.

Ine ndemwe ndinalakwapo. Ndili mnyamata tinali kumanga sitolo pa malo ena a malonda. M'mawa dakaboyi wanga anandiuza kuti thabwa lina la pansanja lili ndi mfundo ndipo lilira akaliponda. Ndinamuyankha kuti, "Iwe unabwera kudzaponda daka, za matabwa uzisiye." Dzuwa lili paliwombo thabwa lija linathyoka, iye ali pamwamba ndi ndowa ya daka. Sanafe, koma mpaka lero ayenda chotsimphina, ndipo khasu saligwira bwino. Thabwa lina labwino linali pomwepo pansi pa mtengo. Kuyambira tsikulo, mwana wamng'ono akandiuza kanthu pa ntchito, ndipita kukaona.

MUYESO NDIWO ULIMBITSA NYUMBA

Tsopano tikambe za muyeso. Mayi wophika nsima adziwa ufa wokwanira madzi ake. Nayo konkire ili ndi muyeso wake, ndipo simva kupepesa. Pa ntchito wamba, ngati injiniya sananene zina, tithira ndowa 1 ya simenti, ndowa 2 za mchenga ndi ndowa 4 za kwale. Muyese ndi ndowa imodzi yomweyo, osati ndi fosholo, pakuti fosholo ya m'mawa ndi ya madzulo sizilingana. Madzi asachuluke. Konkire yamadzimadzi nyosavuta kuthira, koma ikauma ikhala ndi timabowo ndipo ifooka.

Mchenga uyeseni chotere: thirani mchenga m'botolo mpaka pakati, onjezani madzi, khutchumulani, ndi kulisiya usiku. M'mawa mudzaona mchenga pansi, matope pamwamba pake. Matopewo akachuluka, mchengawo utsukeni kapena funani wina. Thumba la simenti lilemera makilogalamu 50. Lisungeni pa matabwa, lisakhudze pansi kapena khoma, ndipo likachita mibulu yolimba yosaphwanyika ndi zala, musaliike pa mzati kapena pa lintala. Boma linakhazikitsa bungwe la Malawi Bureau of Standards mu 1972 kuti liziyesa katundu. Pogula simenti, zitsulo ndi malata funani za chizindikiro chake, ndipo chenjerani ndi matumba osokedwanso pamanja.

Konkire silimba chifukwa cha kuuma, ilimba chifukwa simenti imwa madzi pang'onopang'ono. Chifukwa chake muziithirira ndi kuifunditsa udzu kapena masaka masiku 7, ndipo mphamvu yake yokwanira ifika pa masiku 28. Mitengo yochirikiza silabu musaichotse msanga pofuna kukaigwiritsa kwina. Kawirikawiri ikhala sabata ziwiri kapena zitatu, monga anene injiniya.

Dziwaninso dothi lanu. M'madambo a kuno ndi mbali zina za Balaka muli makande, dothi lakuda limene lifufuma ndi mvula ndi kung'aluka m'chilimwe. Maziko osaya pa makande ang'ambitsa khoma chaka choyamba chomwe. Kumbani kufikira dothi lolimba, ikani pulasitiki pamwamba pa maziko kuti chinyontho chisakwere, mangani lamba wa konkire kuzungulira nyumba yonse pamwamba pa mazenera, ndipo denga mulimange kukhoma ndi mawaya. Zimenezi sindinazipeke ine. Chivomezi chitagwetsa nyumba ku Karonga mu December 2009, Boma linalemba malangizo a kamangidwe ka nyumba zolimba, ndipo mfundozi zilimo. Madzi osefukira a mu January 2015 ndi namondwe Freddy wa mu March 2023 anatiphunzitsanso kuno kwathu kuti makoma a zidina omangidwa ndi matope, opanda khonde lowateteza, ndiwo ayamba kugwa.

Mu 2018 Boma linaika lamulo lakuti nyumba za Boma ndi za malonda zisamangidwenso ndi njerwa zootcha ndi nkhuni, pofuna kupulumutsa mitengo. Nchifukwa chake muona mabuloko a simenti pa sukulu zatsopano. Koma buloko nalo lili ndi muyeso. Woumba akafuna kutulutsa mabuloko ambirimbiri m'thumba limodzi, buloko lake lifumbutuka ndi chala. Lotero musaligule, ngakhale likhale lotsika mtengo.

ADANI ANAYI A MMISIRI

Mdani woyamba ndi kugwa. Makwerero aimikeni chotere: pa mamita 4 alionse okwera, phazi lake litalikire khoma mita 1, ndipo mutu wake upitirire denga ndi mita 1 kuti munthu apeze pogwira. Amangeni pamwamba, kapena wina awagwire pansi. Nsanja ikhale ya mitengo yosafumbwa, yoima pa thabwa kapena pa mwala wafulati, osati pa njerwa zosanjikiza kapena pa mgolo wogwedera. Ikatalika kuposa msinkhu wa munthu, ikani mtengo wotchinga kumbuyo. Musaunjike njerwa zambiri pa thabwa limodzi. Mphepo ikakula kapena mphezi ikayamba, tsikani padenga, pakuti lata louluka lidula ngati chikwanje.

Mdani wachiwiri ndi dzenje. Dothi looneka lochepa lilemera koopsa. Dothi lodzaza bokosi la mita 1 m'litali, m'lifupi ndi msinkhu lilemera kuposa matumba 25 a simenti. Likakufikani pachifuwa simungathe kupuma, ngakhale mutu uli kunja. Tsono dzenje likapitirira m'chiuno, makamaka pa mchenga kapena mvula itagwa, chirikizani m'mbali ndi matabwa kapena likumbeni motsetsereka. Dothi lofukula liikeni patali ndi mlomo wa dzenje. Wokumba chitsime kapena chimbudzi asakhale yekha: akhale ndi chingwe m'chiuno ndi mnzake pamwamba. Injini yopopa madzi isalowe m'chitsime, chifukwa utsi wake ukhazikika pansi ndipo upha mwakachetechete. Munthu akakomoka m'chitsime, musalumphiremo kumutsata, pakuti mpweya umene wagwetsa iye udzagwetsanso inu. Mukokeni ndi chingwe.

Mdani wachitatu ndi simenti ndi fumbi. Amayi adziwa ukali wa chidulo. Simenti yonyowa ili ndi ukali wa mtundu womwewo, koma woposa. Idya khungu pang'onopang'ono munthu osamva, ndipo madzulo apeza zilonda. Musaponde daka la simenti ndi mapazi, valani magambuti ndi magolovesi. Ikalowa m'maso, tsukani ndi madzi oyera ambiri kwa mphindi 20, ndi kupita kuchipatala. Za fumbi la miyala funsani agogo amene anapita ku Wenela ndi ku Teba. Ambiri anabwera ndi chifuwa chosatha chimene madokotala achitcha silikosisi, ndipo chifuwa chachikulu chimkonda munthu wotere. Fumbi lomwelo lituluka pophwanya kwale ndi podula mabuloko ndi galayindala. Nyowetsani mwala musanaudule, imani kumene ichokera mphepo, ndipo phimbani mphuno ndi pakamwa.

Mdani wachinayi ndi magetsi. Musamange pansi pa mawaya a ESCOM. Ponyamula lata, chitsulo chachitali kapena makwerero achitsulo, yambani mwayang'ana kumwamba, chifukwa magetsi a mawaya aakulu atha kulumphira chitsulo chisanawakhudze nkomwe. Nthambo yosupuka ya makina owotcherera isagone m'madzi. Mnzanu akagwidwa ndi magetsi musamugwire ndi manja, thamangirani kuzimitsa.

KUPHUNZIRA NDI LAMULO

Ambiri a ife tinaphunzira ntchito poyang'ana manja a amalume kapena a bwana wathu. Njira imeneyo njabwino, koma ipatsira zabwino ndi zoipa zomwe. Ngati amalume anali kuima pa mgolo, nayenso mphwawo adzaima pa mgolo. Safunsa anadya phula. Boma linakhazikitsa bungwe la TEVETA ndi lamulo la 1999 kuti liyang'anire maphunziro a ntchito zamanja, ndipo kuyambira 2015 latsegula makoleji a ntchito zamanja m'maboma, kuonjezera pa akale monga Nasawa ku Zomba ndi Soche ku Blantyre. Inu amisiri akale amene simunapite ku koleji, dziwani kuti ilipo njira yoyesa luso limene munthu ali nalo kale ndi kumupatsa chiphaso. Kafunseni ku ofesi ya Labour kapena kwa a TEVETA.

Ena a inu munagwirako ntchito pamene anali kukonzanso njanji ya Nkaya mpaka Nayuchi, ija inatsegulidwa mu 1970, kuti pazidutsa malasha a ku Moatize kunka ku Nacala. Ena munagwira pokonzanso Kamuzu Barrage ku Liwonde, imene inamangidwa mu 1965. Pa ntchito zazikulu zotere munaona mwambo: chipewa cholimba, nsapato zolimba, ndi kamsonkhano ka m'mawa ntchito isanayambe. Nanga bwanji mutabwera kumudzi mwambowo munausiya pa geti? Kamsonkhano ka m'mawa sikalira ndalama. Mphindi 5 zikwana: lero tichita chiyani, choopsa nchiyani, ndani aone nsanja, ndani ali ndi chonena.

Lamulo nalo lilipo. Lamulo la chitetezo ndi umoyo wa pa ntchito la 1997 linena kuti wolemba ntchito asamale moyo wa antchito ake, awaphunzitse za ngozi, ndi kuwapatsa zovala zodzitetezera pamene ntchito ili yoopsa. Nayenso wantchito ayenera kuzivala, osati kukazigulitsa pa msika. Lamulo la chipukuta misozi la 2000 linena za kulipira munthu wovulala pa ntchito, kapena banja la womwalira. Ndipo kuyambira ndi lamulo la 1996, limene linakhazikitsa National Construction Industry Council, kontrakita ayenera kulembetsa ndi kukhala ndi chiphaso. A komiti, munthu akabwera kudzamanga sukulu yanu, kupempha kuona chiphaso chake si chipongwe ayi.

LAMYA YA M'THUMBA

Pamene ndinayamba ntchito, kuitana injiniya kunali kulemba kalata ndi kudikira sabata. Lero pafupifupi mmisiri aliyense ali ndi lamya m'thumba. Kachipangizo kameneka kangathe kukhala mboni ndi mthenga wanu, mukakagwiritsa mwanzeru. Nditchule ntchito zake zisanu.

Yoyamba, kujambula zimene zidzabisika. Maziko akakwiriridwa, palibe adzaone kuya kwake. Zitsulo zikalowa m'konkire, palibe adzaziwerenge. Tsono jambulani maziko mutaimikamo ndodo yoyesera, jambulani zitsulo konkire isanathiridwe, ndipo tumizani zithunzizo kwa mwini nyumba kapena kwa woyang'anira zomanga wa ku Khonsolo. Inu amene mulandira ndalama za mbale wanu wa ku Joni, mutumizireni zithunzi za maziko, osati za utoto wokha.

Yachiwiri, kunena za mng'alu. Mukaona mng'alu, lembani chizindikiro ndi pensulo pamene wathera, lembaninso tsiku, ndi kuujambula mutaika ndalama yachitsulo pambali pake. Patapita masiku jambulaninso. Ukakula, chotsanimo anthu ndi kuitana wodziwa. Musaumate msanga, pakuti kumata mng'alu woyenda kuli ngati kuphimba chilonda ndi nsanza. Komiti ya sukulu ikhale ndi gulu la WhatsApp, momwe muli aphunzitsi aakulu, a Mfumu kapena nduna yawo, kontrakita ndi wa ku Khonsolo. Mawu apakamwa munthu angawakane, koma uthenga wolembedwa uli ndi tsiku ndi ola lake. Amene sadziwa kulemba atumize mawu, m'Chichewa kapena m'Chiyao.

Yachitatu, kaundula wa anthu. Kumbukirani 75, 81 ndi 62 ya ku George ija. M'mawa uliwonse kapitawo alembe m'kope maina a onse amene alowa ntchito, pamodzi ndi nambala ya mbale wa aliyense, ndipo ajambule tsambalo ndi kulitumiza kwa munthu wina amene sali pa ntchitopo. Inu anyamata opita ku Joni, uzani abale dzina la mzinda, msewu ndi bwana amene mugwirako, ndipo mukasintha malo muwauzenso.

Yachinayi, umboni wa malipiro. Airtel Money inayamba mu 2012, Mpamba ya TNM mu 2013. Mukalipidwa pa lamya, uthenga wake musaufute. Tsiku limene bwana adzanene kuti, "Munthu uyu sindimdziwa," uthengawo udzakuyankhulirani ku ofesi ya Labour. Mukalipidwa pamanja, sainiranani m'kope ndi kujambula.

Yachisanu, nyengo ndi chithandizo. A zanyengo alengeza za mvula ndi mphepo pa wailesi ndi pa lamya. Mverani musanasasule denga kapena kuthira konkire. Sunganinso m'lamya nambala za chipatala, za polisi, za ESCOM, ndi za munthu wa galimoto wapafupi. Kufunsa za umoyo pa lamya si chachilendo kwa ife, pakuti Chipatala cha pa Foni chinayambira kwa anansi athu a ku Balaka mu 2011.

Koma lamya ili ndi kuipa kwakenso. Munthu ali pa makwerero afunika manja onse awiri ndi maso onse awiri. Ikalira, ilire, mudzayankha mutatsika. Zomvera m'makutu zisavalidwe pa ntchito, chifukwa simudzamva mnzanu akufuula kuti njerwa ikugwa. Makanema ophunzitsa kumanga a pa YouTube ndi TikTok ena ngabwino, koma wojambulayo sadziwa makande athu kapena mchenga wa mumtsinje wathu. Onerani, kenaka funsani wophunzira. Levulo ndi chingwe zisatayidwe chifukwa cha lamya. Chenjeraninso ndi akathyali oimba lamya kuti pali ntchito ya msewu, tumizani ndalama kuti tikulembeni. Ntchito yoona sigulidwa. Ndipo mnzanu akavulala, lamya ikhale yoitanira chithandizo. Kumujambula ali m'magazi ndi kumwaza zithunzi, abale ake asanamve, ndi kupanda umunthu.

NGOZI IKAGWA

Munthu akagwa kuchokera pamwamba, nadandaula khosi kapena msana, kapena akanena kuti miyendo saimva, musamudzutse ndipo musamukweze pa njinga. Mugonekeni pa chitseko kapena pa thabwa lalikulu, anthu anayi kapena asanu atamunyamula pamodzi, wina atagwira mutu kuti usagwedezeke. Magazi akamatuluka, panikizani pabalapo ndi nsalu yoyera osaleka. Musathire dothi, mafuta a galimoto kapena simenti pabala. Wobayidwa ndi msomali apite kuchipatala tsiku lomwelo chifukwa cha kafumbata. Yambani ku chipatala chapafupi, ndipo iwo akaona kuti nkofunika adzamutumiza ku chipatala chachikulu cha boma la Machinga ku Liwonde. Sungani buku la kuchipatala ndi mapepala onse, lembani maina a mboni, ndipo kanenezeni msanga ku ofesi ya Labour. Iwo adzakuuzani ngati lamulo la chipukuta misozi likhudza mlandu wanu. Musasaine pepala limene simunalimve.

KWA APHUNZITSI NDI MAFUMU

Aphunzitsi, inu ndinu maso a mudzi, pakuti muwerenga ndipo ana amvera inu. Ntchito ya chitukuko ikafika pa sukulu, tchingani malo omangapo ndi mpanda ngakhale wa minga. Lamulo la ntchito la 2000 liletsa kulemba ntchito mwana wosakwana zaka 14, ndipo wosakwana zaka 18 asapatsidwe ntchito yoopsa. Ana asakwere pansanja, asalowe m'maenje a mchenga, ndipo maenje oumbira njerwa akwiriridwe mvula isanabwere, chifukwa akadzaza madzi ameza ana. Denga la kalasi likayamba kugwedera ndi mphepo, kapena khoma la chimbudzi likapendekeka, tulutsani ana lero lomwe, kalata mudzalemba pambuyo.

A Mfumu, ngozi ikagwa pa ntchito, anthu afulumira kunena kuti walodzedwa, ndipo ayamba kuloza zala nkhalamba zosalakwa. Ndipempha kuti pa bwalo lanu funso loyamba lizikhala lakuti: thabwa linali lotani, dzenje linachirikizidwa kodi, ndani anaona ndipo anauza yani? Mukatero mudzapeza chifukwa chenicheni, ndipo mawa sichidzaphanso wina.

Eni nyumba, inunso muli ndi mbali. Mukaumiriza mmisiri kuti thumba limodzi ligwire ntchito ya matumba awiri, kapena kuti atsirize Idi kapena Khirisimasi isanafike konkire isanakhwime, ndiye kuti mng'aluwo mwauitana nokha, ndipo ogona m'nyumbamo ndi ana anu omwe.

Ndipo inu madakaboyi ndi aganyu, amene muopa kulankhula kuti mungachotsedwe ntchito, kumbukirani kuti mbewa ya manyazi inafera kuuna. Mukaopa kunena nokha, nenani awiri kapena atatu pamodzi, kapena uzani a komiti. Mutu umodzi susenza denga.

Tsono mawa m'mawa, musanatsegule thumba la simenti, chitani zitatu izi. Lembani maina a onse amene alipo. Yendani pamodzi kuona nsanja, makwerero ndi maenje. Ndipo kapitawo afunse mokweza, onse akumva, kuti, "Kodi alipo waona kanthu?" Akayankha wamng'ono wa onse, pitani mukaone.